MPIRA KU TEMBISA: ANTHU ALI KUKANGANA ZA MPHUNZITSI, ENI ACE NAGULITSA TIMU

Awerengi athu amene akhala m'midzi ya kum'mawa kwa Johannesburg, dera limene makolo athu anali kulicha East Rand, ndipo ciyambire caka ca 2000 lichedwa Ekurhuleni, adziwa bwino kuti palibe mlandu wobvuta kuweruza woposa mlandu wa mpira. Mlandu wa ng'ombe umatha, mlandu wa malire a munda umathanso, koma amuna awiri akayamba kutsutsana za mphunzitsi wa timu yao, dzuwa lilowa asanagwirane canza. Mafunso ao ali atatu masiku onse. Kodi mphunzitsiyu adziwa nchito yace? Kodi anyamata 11 amene wawalowetsa m'bwalo ndiwo oyenera? Kodi eni timu anacita bwino kugulitsa uje ndi kugula uje? Lero tifuna kulongosola mbiri ya timu imodzi imene inasewera ku Tembisa, dzina lace Highlands Park, makamaka pa zaka za 2016 kufikira 2020, pakuti m'mbiri imeneyi mafunso onse atatu alimo, mwana wa kwathu alimonso, ndipo mathero ace anadzidzimutsa okangana onse, a mbali iyi ndi a mbali iyo.

Poyamba tinene za malowo, cifukwa ca abale amene awerenga tsamba lino ali kumudzi. Anthu a kwathu sanayambe dzulo kufika kuno. Agogo athu ena anabwera ndi Wenela, ena anayenda okha pansi podzera ku Rhodesia, nagwira nchito m'migodi ya golidi ya ku Boksburg, Brakpan, Springs ndi Nigel. Ndipo tsiku la Sabata, pokhala sanatsike pansi, m'makomponi munali magule ndi mpira. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown nipha anthu a kwathu oposa 70, ndipo Dr. Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi. Migodi yambiri ya kuno inatsekedwa m'zaka zotsatira, koma njira ya ku Joni sinamere udzu. Adzukulu a machona aja anadzapeza nchito zina, za m'minda ya maluwa, za m'nyumba, za m'sitolo, za ulonda ndi za m'mafakitale a ku Isando ndi ku Germiston, nakhala ku Daveyton, ku Katlehong, ku Vosloorus ndi ku Tembisa.

Tembisa ndi mudzi waukuru wa anthu akuda pafupi ndi Kempton Park, umene boma la tsankho linaukhazika mu 1957 posamutsa anthu kucokera ku Alexandra ndi malo ena. M'menemo muli bwalo la Makhulong, laling'ono ndithu, lolowa anthu ngati 10,000. Njala ya mpira ya anthu a m'mudzimo inaoneka mu June 2010, pamene Nigeria ndi North Korea anasewera pamenepo pokonzekera Cikho ca Dziko Lonse, anthu nacuruka koposa malo, napondana pa zipata, ena nabvulala. Ndipo tinene mau awa poyera: kwa mlendo bwalo lotere liposa bwalo la masewera cabe. Munthu amene aopa kulowa m'nkhani za ndale za eni dziko, amene acepetsa mau m'tekisi kuti lilime lace lingamuulule, akafika pa nkhani ya mpira ali ndi pakamwa monga wina ali yense. Akanena kuti mphunzitsi walakwa, palibe womfunsa mapepala.

DZINA LAKALE M'MUDZI WATSOPANO

Dzina la Highlands Park silinabadwire ku Tembisa iai. Timu yoyamba ya dzinali inayamba mu 1959 kumpoto kwa Johannesburg, ndipo inali ya Azungu, yosewera m'ligi ya Azungu okha okha, kumene inatenga ukatswiri nthawi zambiri. Mu 1983 Jomo Sono, atabwera ndi ndarama zimene anapata posewera ku America, anagula timuyo naisintha dzina kukhala Jomo Cosmos, pokumbukira New York Cosmos kumene anasewera pamodzi ndi Pelé. Awerengi asunge mfundo imeneyi, pakuti tidzaifunanso. Dzinalo linadzutsidwa mu 2003, timu yatsopano niyamba pansi peni peni, nikwera pang'ono pang'ono, nisankha Makhulong kukhala kwao. Otsatira ace anali kuicha Mikango ya Kumpoto. Mu 2016, pansi pa mphunzitsi Allan Freese, inapambana masewera olimbirana malo ndi University of Pretoria ndi Mbombela United, nilowa m'ligi yaikuru ya dziko lino.

Cimwemwe sicinakhalitse. Nyengo isanafike ndi pakati pomwe, mu October 2016, eni timu anacotsa Freese naika Gordon Igesund. Apa ndipo panayamba mkangano woyamba. Ena anali kunena kuti wosema bwato ndiye adziwa pamene pali mng'alu. Freese ndiye anasonkhanitsa anyamatawo, ndiye anawakweza, ndipo sanali mlendo m'ligi yaikuru, pakuti mu 2013 anatenga zikho ziwiri ndi Platinum Stars, timu imene munali mbale wathu Robert Ng'ambi. Nanga kumcotsa atangosewera masewera owerengeka, ndiko kuyamika kwace? Ena anali kuyankha kuti pa madzi akuya pafunika mkuru wodziwa dooko, ndipo Igesund anatenga ligi ndi matimu anai osiyana, Manning Rangers, Orlando Pirates, Santos ndi Mamelodi Sundowns, naphunzitsanso Bafana Bafana kuyambira 2012 kufikira 2014. Koma zinthu sizinasinthe. Igesund nayenso sanatsirize nyengoyo, ndipo mu 2017 Highlands Park inathera pa nambala 16 mwa matimu 16, nibwerera kumene inacokera. Pamenepo a mbali ya Freese anayamba kuseka anzao kuti tsobola wakale sawawa.

Ife tiganiza kuti mbali zonse ziwiri zinaphonya pang'ono. Anyamata okhoza kupambana m'ligi yaing'ono sali anyamata okhoza kukhala m'ligi yaikuru nthawi zonse, ndipo mphunzitsi, ngakhale akhale wa mbiri yotani, salowa m'bwalo kukamenya mpira. Koma eni matimu adziwa kuti kucotsa munthu mmodzi kuli kwapafupi koposa kugula anthu 11, ndipo kutontholetsa khamu msanga. Cifukwa cace mphunzitsi ndiye ayamba kunyamula katundu.

NTHAWI YA DA GAMA

Amene anadzutsa timuyo ndi Owen Da Gama, munthu amene pa unyamata wace anasewera ngakhale ku Derry City m'dziko la Ireland, natenga cikho ndi Silver Stars mu 2006 ali mphunzitsi, natsogoleranso anyamata a South Africa ku masewera a Olympic a ku Rio mu 2016. Iye anabwezera Highlands Park m'ligi yaikuru mu 2018 ali akatswiri a ligi yaing'ono, ndipo mu nyengo ya 2018-19 timuyo inathera pa nambala 7. Wina angayese kuti pamenepo makani anatha. Iai, ndipo anakula, pakuti tsopano anthu sanali kukangana za kugonja koma za kapambanidwe.

Mpira wa Da Gama unali wa thukuta. Anyamata ace anali kuthamanga osaleka, kupanikiza mdani, kuchinga kumbuyo molimba, ndipo kawiri kawiri masewera ao anali kutha molepherana kapena ndi cigoli cimodzi cokha. Tsono anthu a m'midzi ya kuno anakula ndi mpira wina, wa luso ndi wa matama, wa shibobo, ndiko kupyoletsa mpira pakati pa miyendo ya mnzako khamu nilipfuula. Kwa iwo munthu alipira pa cipata kuti akasangalale. Anali kunena kuti mpira wotere ungopatsa tulo, ndi kuti mphunzitsi aopa, ndipo asunga pa benci anyamata a miyendo yofewa nalowetsa amphamvu okha okha. Anzao anali kuwakumbutsa za 2017. Anali kuti, kodi mwaiwala kuti tinaturuka m'ligi? Timu ya thumba laling'ono ikafuna kubvina monga Sundowns idzagwa cagada. Tiyambe takhala, kukongola kudzabwera m'mbuyo.

Mkangano umenewu unafika pa cimace m'cikho ca MTN8 ca 2019, cimene alimbirana matimu 8 oyamba a nyengo yapitayo, ndipo wopambana anali kulandira R8 miliyoni. Mu August Highlands Park inapita ku Orlando Stadium nigonjetsa Orlando Pirates 1-0, mphunzitsi wa Pirates, Milutin Sredojevic, atangotula pansi nchito dzulo lace. M'ndime yotsatira inakomana ndi Polokwane City kawiri, kwao ndi kwa eni, ndipo m'masewera onse awiri panalibe womwetsa cigoli. Highlands inapitirira pa mapenate. Taonani tsono, timu inafika m'ndime yotsiriza ya cikho itacinya cigoli cimodzi cokha m'masewera atatu, osacinyidwa ngakhale cimodzi. Okonda Da Gama anati, si izi tinanena? Odana naye anati, si izi tinanena? Pa 5 October 2019, pa Orlando Stadium pomwepo, SuperSport United inapambana 1-0 ndi cigoli ca Bradley Grobler, ndipo Highlands inalephera kubweza. Mbali zonse ziwiri zinabwerera ku Tembisa ziri ndi umboni wao m'manja: awa kuti popanda kuchinga sitikadafika kuno, awo kuti wosadziwa kucinya sakweza cikho.

Pa mfundo iyi ife tiri kumbali ya mphunzitsi, ngakhale tidziwa kuti ena atilembera makalata otsutsa. Munthu aphika ndiwo zimene ziri m'nyumba. Da Gama analibe ndarama zogulira akatswiri, ndipo ndi anyamata amene anali nao anafika pamene matimu olemera ambiri sanafike caka cimeneco.

MWANA WA KWATHU NDI MTIMA WOGAWIKA

M'caka comweco ca 2019 Highlands Park inatenga Limbikani Mzava kucokera ku Golden Arrows ya ku Durban. Mzava, wochinga kumbuyo amene anakhala kaputeni wa Flames, anafika m'dziko lino mu 2011 ku Bloemfontein Celtic, napita ku Mpumalanga Black Aces mu 2015, ndi ku Arrows mu 2016. Kufika kwace kunapatsa Amalawi a ku Tembisa cifukwa cacikuru cakuti azicha timuyo yathu. Kunabweretsanso funso latsopano pa tsiku liri lonse la masewera: kodi Mzava ayamba, kapena ali pa benci? Lamulo la ligi linali kulola timu iri yonse kulembetsa alendo asanu okha, motero mlendo ali yense amene alembedwa ayenera kuposa mwana wa eni dziko poyera, osati pang'ono cabe. Tibvomereze kuti Mmalawi akaona mbale wace wakhala pansi saweruza ndi maso okha, aweruza ndi magazi. Kwa iye mphunzitsi wosiya Mzava ali wolakwa mpira usanayambe. Koma nayenso mwini mudzi ali ndi mwana wa pa msewu wao amene afuna kumuona m'bwalo, ndipo magazi ace ali ofiira cimodzimodzi.

Cobvuta coposa cinadza ndi anyamata awiri ocinya zigoli. Highlands Park inali ndi Peter Shalulile wa ku Namibia, amene anabwera mu 2015 kucokera ku Tura Magic ya ku Windhoek, natsika ndi timuyo mu 2017, nakweranso nayo, mnyamata wothamanga monga ngati mapapo ace ali anai. Orlando Pirates inali ndi Gabadinho Mhango wa ku Chiweta m'boma la Rumphi, amene anacoka ku Big Bullets mu 2013 kunka ku Celtic, natenga ligi ndi Bidvest Wits mu 2017, nafika ku Pirates mu 2019. Mu January 2020 Mhango anacinya zigoli zitatu pa tsiku limodzi pokomana ndi Polokwane City, ndipo anthu ambiri anayesa kuti mphotho ya wocinya koposa yapita kale. Shalulile anali kumtsata m'mbuyo mwakacetecete. Tsono Mmalawi wa ku Tembisa acite ciani? Acemerere mnyamata wa timu ya mudzi umene umdyetsa, kapena mwana wa kwao wobvala malaya a timu yina? Ambiri anapeza njira ya kalulu: Highlands ipambane, koma Gaba acinye.

Mu March 2020 mliri wa Covid-19 unaimitsa mpira wonse. Pamene unayambanso mu August, masewera onse anacitikira m'cigawo ca Gauteng, mabwalo ali opanda munthu, osewera atatsekeredwa m'mahotela. Nyengo inatha pa 5 September, ndipo mlandu wa anyamata awiriwo unaweruzidwa monga aweruzira mfumu yosafuna udani m'mudzi: Mhango zigoli 16, Shalulile zigoli 16, mphotho nigawidwa pakati. Highlands Park inathera pa nambala 9.

CAKUDZA SICIIMBA NG'OMA

Anthu anali atayamba kale mkangano wacitatu, wa kugula ndi kugulitsa. Ng'oma yomveka sicedwa kung'ambika, ndipo onse anadziwa kuti matimu olemera aika maso pa Shalulile ndi pa Mothobi Mvala wa pakati. Ena anati agulitsidwe mtengo uli pamwamba, ndaramazo zigule anyamata anai kapena asanu. Ena anati timu yogulitsa wocinya wace iri ngati mlimi wogulitsa khasu. Ali m'kati mokangana comweco, m'mwezi womwewo wa September 2020, Shalulile ndi Mvala anapitadi ku Mamelodi Sundowns, ndipo eni Highlands Park anagulitsa malo a timu yonse m'ligi kwa Tim Sukazi, mwini wa TS Galaxy ya ku Mpumalanga. Galaxy imeneyi inachuka mu 2019 pamene, iri m'ligi yaing'ono, inagonjetsa Kaizer Chiefs 1-0 m'ndime yotsiriza ya Nedbank Cup. Koma kukwera m'ligi yaikuru ndi mapazi ace inali isanakwere. Inakwera ndi ndarama, mpira wa ligi yaikuru wa Highlands Park nusamuka ku Makhulong kunka ku Mbombela.

Abale a kumudzi angazizwe kuti cinthu cotere citheka bwanji. Kwathu tazolowera kuti dzina la timu lisinthe monga asinthira wopereka ndarama: Bata Bullets inakhala Total Big Bullets, nikhala Bakili Bullets, nikhala Nyasa Big Bullets; Wanderers nayo inachedwapo Yamaha, Limbe Leaf, MTL ndi Be Forward. Koma m'kusintha konseku matimuwo anakhalabe ku Blantyre, ndipo mdzukulu acemerera cimene agogo ace anacemerera. Kuno malo a m'ligi anali katundu wa mwini, monga ciphaso ca sitolo kapena ca basi. Mwini akatopa anali kufuna wogula, akuru a ligi nabvomereza, wogulayo nanyamula malowo kunka nao kwao ndi kuwapatsa dzina lace. Wocemerera, ngakhale anagula malaya ndi kulipira pa cipata zaka zonse, analibe gawo ngakhale la kobiri limodzi, ndipo panalibe lamulo lakuti afunsidwe.

Sitinena kuti eni ace analibe zifukwa. Kuyendetsa timu kudya ndarama zambiri mwezi ndi mwezi, malipiro a osewera, maulendo, mahotela ndi lendi ya bwalo. Ndarama zimene ligi ipatsa matimu sizikwanira zonse, makampani akuru athamangira Chiefs, Pirates ndi Sundowns, ndipo m'caka ca mliri pa cipata sipanalowe kanthu. Munthu sakakamizidwa kutaya cuma cace cifukwa ca cimwemwe ca anzace. M'caka comweco Bidvest Wits, timu ya zaka 99, inagulitsidwanso nipita ku Limpopo. Koma cimene citiwawa ndi ici, kuti dera lino lakhala nkhokwe imene ena adzatapamo. Mu 2005 Tembisa Classic itangokwera m'ligi yaikuru, malo ace anagulidwa ndi Maritzburg United. Mu 2007 Benoni Premier United inagulidwa nisamutsidwira ku KwaZulu-Natal, nichedwa Thanda Royal Zulu. Mu 2020 Highlands Park. Ndipo tikakumbukira za Jomo Sono ndi 1983, tiona kuti dzina limeneli linali litagulitsidwapo kale ana a ku Makhulong asanabadwe.

Mcitidwe umenewu suli wa kuno kokha. Ku America ali ndi masewera ao a baseball, omenya kampira kolimba ndi cibonga, amene Aamerika ogwira nchito m'migodi anafika nao pa Rand m'zaka za m'ma 1890, nazika mizu ku Boksburg, Benoni ndi Kempton Park. Otsatira masewerawo akangana monga ife tomwe, za mkuru wa timu, za ndandanda ya omenya, ndi za kusinthana osewera, pakuti kumeneko munthu agona ali wa timu iyi nadzuka ali wa timu yina. Gift Ngoepe, amene anakulira m'kacipinda ka pa bwalo la Randburg Mets kumene amace anali kugwira nchito, anasewera koyamba m'ligi yaikuru ya ku America pa 26 April 2017 ndi Pittsburgh Pirates. Pofika November caka comweco anali atatumizidwa ku Toronto. Ndipo itatha nyengo ya 1957 Walter O'Malley ananyamula Brooklyn Dodgers, timu yokondedwa koposa ndi anthu wamba a ku New York, napita nayo ku Los Angeles, bwalo lao la Ebbets Field niligumulidwa mu 1960. Kusiyana kwace kuli apa: ku America m'ligi yaikuru mulibe kukwera ndi kutsika, ndipo onse adziwa kuti malo ali a ndarama. Kuno anyamata auzidwa kuti akwera ndi thukuta lao, monga anakwerera a Highlands mu 2016 ndi mu 2018, koma khomo la kuseri liri lotsegukira wa thumba lalikuru.

KUMENE ANAPITA

Amene anali kunena kuti Shalulile asagulitsidwe sanalakwe za mtengo wace, pakuti mu nyengo ya 2021-22 anacinya zigoli 23 m'ligi ali ku Sundowns. Da Gama anatsala wopanda timu kwa miyezi ingapo, ndipo mu 2021 TS Galaxy yomweyo inamuitana kukaphunzitsa, nakapeza ena mwa anyamata ace akale atabvala malaya ena; cisanathe caka anasiyananso. Mhango anakomana ndi zace ku Pirates, kumene mu nyengo ya 2021-22 anakhala nthawi yaitari osasewera, Amalawi a kuno nadandaula koopsa m'matekisi ndi m'mashabini. Mu January 2022, m'Cikho ca Maiko a Africa ku Cameroon, anacinya ziwiri pogonjetsa Zimbabwe, ndipo pa 25 January anaponya mpira kucokera kutari ndithu nugwera m'golo la Morocco, ngakhale Flames inagonja 2-1. Usiku umenewo panalibe Mmalawi wa ku East Rand wosafunsa anansi ace a Pirates kuti, kodi uyu ndiye mumsunga pa benci? Pakati pa caka comweco anapita ku AmaZulu.

Koma ulendo wa Mzava ndiwo uyenera kulembedwa bwino. Black Aces, imene anasewera nayo nithera pa nambala 4 mu 2016, inagulitsidwa caka comweco kwa John Comitis nikhala Cape Town City. Highlands Park inagulitsidwa mu 2020. Bloemfontein Celtic, imene inamlandira poyamba, inagulitsidwa mu 2021 nikhala Royal AM ya ku KwaZulu-Natal, mphunzitsi wace John Maduka, mbale wathu wina, nasamuka nayo pamodzi. Pocoka ku Tembisa Mzava anapita ku AmaZulu ya ku Durban, imene mu nyengo ya 2020-21, pansi pa Benni McCarthy, inathera pa nambala 2. AmaZulu imeneyo inabwerera m'ligi yaikuru mu 2017 pogula malo a Thanda Royal Zulu, timu ija inanyamulidwa ku Benoni zaka khumi m'mbuyomo.